Damu la pafamu likamaphwa: kuyamba ndi khoma kapena paipi?

Pofika Okutobala, madamu ambiri a m'mafamu, m'maesiteti ndi m'malo ogona alendo amakhala atabwerera m'mbuyo, n'kusiya matope ong'ambikang'ambika m'mphepete. Mwini wake akaona zimenezi, maganizo amathamangira kupaipi: kukakoka madzi kumtsinje, kukasupe kapena pamjigo kuti nyanja yake idzadzenso. Nthawi zina paipiyo imathandizadi. Koma kawirikawiri imafika msanga, khoma lisanayang'anidwe n'komwe, ndipo madzi owonjezerawo amakakankha pamalo pomwe panali pofooka kale. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza mwini damu, kapitawo wa pafamu, komanso anthu okhala kumunsi kwa khomalo.

Madzi akamatsika, munthu angadziwe bwanji ngati damu likuchucha kapena ndi dzuwa chabe?

Dzuwa ndi mphepo zimatenga madzi ambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Madzi akatsika ndi milimita imodzi pa hekitala imodzi, ndiye kuti apita malita 10,000. M'nyengo yotentha, damu likhoza kutsika ndi mamilimita 6 pa tsiku popanda kabowo kalikonse. Amenewo ndi malita 60,000, kapena kuti zigubu 3,000 za malita 20, tsiku limodzi lokha.

Njira yosiyanitsira siifuna ndalama. Munthu amatenga ndowa, n'kuikhazika pa njerwa m'mphepete mwa damu kuti ikhale m'madzi koma pakamwa pake pali pamtunda, n'kuthiramo madzi a m'damu momwemo. Kenako amalemba chizindikiro pomwe madzi alekeza m'ndowamo, ndi china pa ndodo yozikidwa m'damu. Pakapita masiku atatu opanda mvula, ndiponso popanda wopopa madzi othirira, amayeza. Dzuwa limawomba ndowa ndi damu mofanana, choncho zonse zikatsika chimodzimodzi, khoma lilibe mlandu. Koma ngati m'ndowa mwatsika mamilimita 6 pa tsiku pomwe pandodo patsika 20, damu la hekitala imodzi likutaya malita 140,000 tsiku lililonse kudzera pansi. Kukokera madzi m'damu lotere n'kutungira m'dengu.

Nanga madzi othawawo amadzera kuti?

Damu lililonse la dothi limachucha pang'ono, ndipo zimenezi sizodabwitsa. Chofunika n'kudziwa pomwe madziwo akutulukira ndi maonekedwe ake.

Woyendera damu amayamba kuseri kwa khoma, kumene anthu sakonda kupitako. M'chilimwe udzu wonse umakhala wofiira, ndiye pakapezeka kachigawo kobiriwira, komera bango kapena konyowa moti nsapato n'kutitimira, pamenepo pali njira ya madzi. Amatunga madziwo m'tambula ya galasi n'kuyang'ana. Akakhala oyera mbee ndipo kuchuluka kwake sikukusintha, ndi oti aziwayang'anira mlungu ndi mlungu. Akakhala amatope, kapena pakamwa pa kabowoko pakaunjikana kamulu ka mchenga wosalala, ndiye kuti madzi akukokolola khoma kuchokera m'kati. Kabowo kotere kamakula kulowera kumene kuli nyanja, ndipo kakabowoleza, khoma limatha kugumuka tsiku lomwelo. Apa palibenso zodikira Lolemba: madzi atsitsidwe, injiniya aitanidwe, ndipo anthu a kumunsi auzidwe.

Njira zimenezi amazitsegula ndani? Chiswe chili patsogolo, chifukwa chulu chooneka pakhoma chimakhala ndi mphanga zake m'kati. Makoswe, mbewa ndi nkhanu nazo zimakumba. Mitengo ndiyo imanyenga kwambiri. Bulugamu kapena mthethe pakhoma umaoneka ngati ukugwira dothi, koma mizu yake imalondola madzi, ndipo mtengowo ukafa kapena kugwa ndi mphepo, mizu yowola imasiya mauna odutsa khoma lonse. Malo ena okayikitsa ndi m'mbali mwa paipi yakale yodutsa pansi pa khoma, komanso pomwe khoma limakumana ndi mtunda kapena mwala.

Kukonza kwenikweni kumayenda bwanji?

Kumayamba ndi kutsitsa madzi, koma pang'onopang'ono. Khoma lomwe lakhuta madzi kwa zaka, nyanja ikaphwetsedwa mothamanga, mbali yake ya m'kati imatha kutsetsereka chifukwa madzi omwe ankaichirikiza achoka dothi likadali lonyowa.

Malo owonongekawo amakumbidwa mpaka kufika pa dothi lolimba. Chisa cha chiswe chimachotsedwa chonse, mizu imazulidwa, ndipo m'mbali mwa dzenjelo mumadulidwa masitepe kuti dothi latsopano ligwirane ndi lakale. Dothi lobwezera liyenera kukhala ladongo, lopanda udzu, mizu kapena manyowa. Amisiri amaliyesa m'manja: amalinyowetsa pang'ono n'kulipota pakati pa zikhatho, ndipo likapanga kachingwe osaduka msanga, lili ndi dongo lokwanira. Makande enieni ali ndi vuto lawo, chifukwa amatupa akanyowa n'kung'ambika akauma, motero sayenera kukhala pamwamba pomwe dzuwa limawomba.

Chinsinsi chonse chagona pa kutsendera. Dothi limathiridwa mopyapyala, pafupifupi masentimita 15, n'kuwazidwa madzi, n'kusinjidwa mpaka kulimba, kenako n'kuthiranso lina pamwamba. Kontilakita wokhuthula mathipa atatu pamodzi n'kuyendetsapo thirakitala kamodzi amamaliza msanga, koma ntchito yake imadzaonekera mvula ya Januwale.

Ngati madzi akudzera pansi pa khoma, amakumba ngalande motsatira khomalo mpaka kufika pa dothi losalola madzi, n'kuidzadza ndi dongo lotsendera. Ngati pansi ponse pa nyanja ndi pamchenga, ena amayala dongo, ena amasakaniza dothi ndi bentonite, dongo logula m'matumba lomwe limatupa kwambiri likanyowa, ndipo ena amayala pulasitiki wochindikala wopangidwira madamu. Pulasitiki amagwira bwino pa madamu aang'ono, koma ziboda za ng'ombe ndi moto wolusa ndi adani ake. Ntchito ikatha, khoma limadzalidwa kapinga, osati mitengo, ndipo ziweto zimapatsidwa pomwera pena.

Kodi kukonza mwachidule kungavute mpaka pati?

Yankho lili ku Pennsylvania, m'dziko la America, ndipo nkhani yake ndi ya nyanja ya anthu olemera.

Damu la South Fork linamangidwa ndi boma kuti lizipereka madzi m'ngalande zoyendamo mabwato, ndipo linatha mu 1853. Khoma lake linali la dothi ndi miyala, lotalika mamita 22. Sitima zapamtunda zitalanda malonda a mabwato, damulo linasiyidwa, ndipo mu 1862 linagumuka pakati. Mwini wake wina anazula mapaipi asanu achitsulo omwe anali pansi pa khoma, otulutsira madzi, n'kuwagulitsa ngati zitsulo zakutha. Mu 1879 malowo anagulidwa ndi Benjamin Ruff, yemwe anakhazikitsa kalabu ya South Fork Fishing and Hunting Club. Mamembala ake anali mpondamatiki za ku Pittsburgh, kuphatikizapo Andrew Carnegie, Henry Clay Frick ndi Andrew Mellon, omwe ankafuna malo owedzerako nsomba ndi kupumulirako.

Kalabuyo inakonza damulo, koma taonani makonzedwe ake. Pogumuka paja anatsekapo ndi miyala, matope, nthambi ndi udzu. Mapaipi aja sanawabwezeretse, kotero panalibenso njira yotsitsira madzi mwadala. Pamwamba pa khoma anasadzulapo kuti msewu ukule ngolo zizidutsa bwino, zomwe zinafupikitsa khomalo. Pangalande yotayira madzi osefukira anatchingapo ndi sefa wazitsulo kuti nsomba zawo zisathawe. Mu 1880 Daniel Morrell, mkulu wa kampani ya zitsulo ya Cambria ku Johnstown, anatumiza injiniya John Fulton kukayendera damulo. Fulton anatchula zinthu ziwiri: kusowa kwa paipi yotulutsira madzi ndi kukonza kosalongosoka. Ruff sanamvere.

Pa 31 Meyi 1889, mvula yamphamvu itagwa usiku wonse, zinyalala zinatseka sefa uja, madzi anakwera mpaka kuyenda pamwamba pa khoma, ndipo masana khomalo linaphulika. Pasanathe ola limodzi madzi anali atayenda makilomita 23 n'kufika ku Johnstown. Anthu 2,209 anafa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri zomwe kalabuyo inasintha zinali zothandiza kusunga madzi ndi nsomba m'nyanjamo, ndipo panalibe chimodzi chothandiza kuwatulutsa. Maganizo omwewo ndi amene amachititsa mwini damu lero kuunjika matumba a mchenga pangalande yotayira madzi kuti nyanja ikwereko ndi theka la mita. Ngalande imeneyo ndiyo imapulumutsa khoma, chifukwa dothi silipirira madzi oyenda pamwamba pake. Iyenera kukhala yotakasuka, yopanda bango, ndipo pakati pa madzi odzadza ndi pamwamba pa khoma pazitsala mpata, womwe pa madamu aang'ono kawirikawiri sukhala wochepera mita imodzi.

Bwanji ngati khoma lili bwino koma nyanja yangosanduka yosaya?

Pamenepo vuto ndi matope, ndipo paipi singathandize kanthu chifukwa madziwo alibe pokhala. Ku Blenheim Palace, ku England, nyanja yomwe Lancelot Brown anapanga m'zaka za m'ma 1760 potchinga mtsinje wa Glyme inadzadza matope mpaka mbali ina, yotchedwa Queen Pool, inatsala yosafika ndi m'mawondo momwe. Ntchito yochotsa matope okwana makiyubiki mita pafupifupi 300,000 inayamba mu 2022. Kumeneko zinatenga zaka zoposa zana limodzi kuti zifike pamenepa. Kumene mapiri ametedwa mpala ndipo minda yafika m'mphepete mwa mtsinje, damu laling'ono limakwiririka mwini wake akuona. Kuchotsa matope n'kodula, choncho ndalama yoyamba ndi bwino ipite kumtunda: mizere ya vetiva, akalozera, ndi kadziwe kotsekera mchenga madzi asanalowe m'damu.

Zonsezi zikakonzedwa, madzi owonjezera angachokere kuti, ndipo paipi ikhale yotani?

Masamu ayambe, sitolo ya mapaipi ibwere pambuyo. Paipi yotulutsa lita imodzi pa sekondi imapereka malita 86,400 pa tsiku ikamayenda usana ndi usiku. Pa damu la hekitala imodzi lija, dzuwa likatengapo 60,000 ake, otsala ndi 26,400. Kuti madzi akwere ndi mita imodzi pamafunika malita 10 miliyoni, ndiye pa liwiro limeneli pangadutse chaka ndi masiku angapo. Mjigo wamba wokhala ndi pampu ya sola, yomwe imagwira ntchito masana okha, sungafike n'komwe pamenepa. N'chifukwa chake kudzadza nyanja ndi mjigo kumakhumudwitsa ambiri, ndipo kumatha kuphwetsa zitsime za anthu oyandikana nawo.

Madzi otsika okha kuchokera kumtunda ndiwo abwino, chifukwa salipiritsa dizilo kapena magetsi. Mu 1844 Joseph Paxton, woyang'anira minda ya nyumba ya Chatsworth ku Derbyshire, ku England, anakumba nyanja ya mahekitala atatu pamwamba pa phiri, mamita oposa 100 kuchokera pomwe pali nyumba, n'kukumbanso ngalande yosonkhanitsa madzi a m'timitsinje ta kuphiriko. Paipi yochokera m'nyanjayo inkaponya madzi m'mwamba ngati kasupe, pafupifupi mamita 90, popanda pampu. Zonsezi ankakonzera Tsar Nicholas I wa ku Russia, yemwe sanabwere n'komwe, koma kasupeyo akugwirabe ntchito mpaka lero. Ngakhale kumeneko, kukakhala chilala amamutsegula kwa maola ochepa, chifukwa paipi imangopereka zomwe phiri lasunga.

Pa kukula kwa paipi, anthu ambiri amaluza pofuna kupulumutsa ndalama. Madzi akamayenda amakhulana ndi m'kati mwa paipi, ndipo paipi ikakhala yopyapyala ndi yaitali, mphamvu yambiri imathera m'njira. Paipi ya mamilimita 100 sinyamula madzi owirikiza kawiri poyerekeza ndi ya mamilimita 50. Imanyamula pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Kutsika kwa malo nako kuwerengedwe, chifukwa mamita 10 aliwonse amawonjezera mphamvu yokankha ndi pafupifupi bar imodzi, ndipo paipi yosalimba imaphulikira kumunsi kwenikweni. Pamalo okwera pamafunika vavu yotulutsira mpweya, apo ayi mpweya umatsekereza madzi mwini wake n'kumaganiza kuti kasupe wauma. Pamalo otsika pamafunika potsukira matope. Polowera madzi pakhale sefa, ndipo paipi yonse ikwiriridwe, chifukwa paipi ya PVC imafooka ndi dzuwa ndipo moto wa osaka mbewa susankha.

Madziwo alowere mbali iti ya damu?

Kumtunda, kutali ndi khoma, ndipo agwere pa miyala yoyalidwa kuti asakumbe pansi. Paipi yatsopano isadutse m'kati mwa khoma lakale pokhapokha injiniya atajambula ndi kuyang'anira. Dothi lobwezeredwa mozungulira paipi silitsenderedwa bwino, makamaka kunsi kwake, ndipo madzi amatsata paipiyo kunja kwake mpaka kutulukira kuseri. Ofuna kutapa madzi m'damu lopanda paipi yapansi amatha kuyendetsa paipi pamwamba pa khoma kuti izikoka yokha, koma njira imeneyi imalephera ngati pamwamba pa khoma patalika mamita oposa asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri kuchokera pamadzi.

Malo ndi ake, damu ndi lake. Chilolezo n'chachiyani?

Chifukwa mtsinje si wake. Ku Malawi, lamulo la zamadzi la 2013 linaika madzi onse m'manja mwa boma poimira anthu, ndipo linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority lomwe limapereka ziphaso. Kutunga madzi akumwa ndi ogwiritsa ntchito pakhomo sikufuna chiphaso, koma kutchinga mtsinje, kuupatutsa kapena kupopa madzi ochuluka kumafuna. Ku Zambia ntchito yomweyi ili m'manja mwa WARMA, potsatira lamulo la 2011. Ku South Africa, damu lokhala ndi khoma lopitirira mamita 5 komanso losunga makiyubiki mita oposa 50,000 limawerengedwa kuti likhoza kuika anthu pangozi, ndipo liyenera kulembetsedwa ngakhale lili pafamu ya munthu.

Chiphaso chokha sichithetsa nkhani. Mwezi womwe mwini damu akufuna madzi kwambiri ndi womwewonso amayi a kumadimba akuthirira tomato ndi mpiru, ng'ombe zikufuna pomwera, ndipo mtsinje watsala kamzere. Paipi yoikidwa anthu osauzidwa imapezeka itadulidwa ndi chikwanje, ndipo mlandu wake umavuta kuuzenga chifukwa mudzi wonse umakhala ukudziwa chifukwa chake. Njira yachilungamo, yomwenso imagwira bwino, ndi kutapa madzi m'dzinja mtsinje uli wodzadza, n'kutseka paipi m'chilimwe. Polowera madzi pakhoza kumangidwa mokwera pang'ono kuti mtsinje ukatsika kufika pamlingo wina, paipi izileka yokha kumwa. Mfumu ndi komiti ya madzi ya m'deralo akaona ndi maso awo kamangidwe kotere, kukambirana kumaphweka.

Damu likaphulika, mlandu ndi wa yani?

Ophunzira zamalamulo m'maiko otsata malamulo ochokera ku England, Malawi ndi Zambia ali momwemo, amakumana ndi mlandu wa Rylands ndi Fletcher. Mu 1860 John Rylands anamangitsa damu loperekera madzi kufakitale yake ku Lancashire. Omanga anapeza zitsime zakale za mgodi pansi pake, koma sanazitseke bwino. Atangoyamba kudzadza, madzi anabowola n'kukasefukira mumgodi wa malasha wa Thomas Fletcher. Mu 1868 khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti munthu wosunga pamalo pake chinthu chomwe chingawononge chikathawa ayenera kulipira chikathawadi, ngakhale iye mwini asanachite mosasamala. Opulumuka a ku Johnstown analibe mwayi umenewu: palibe mlandu womwe anapambana polimbana ndi kalabu ija, ndipo mkwiyo wa anthu pa nkhaniyi unathandiza kuti makhoti ambiri a ku America ayambe kutsatira chigamulo cha Rylands.

Zoterezi si zakale zokha. Usiku wa pa 9 Meyi 2018, damu la pafamu ya Patel ku Solai, m'dera la Nakuru ku Kenya, linaphulika mvula itagwa kwa milungu ingapo. Madzi anasesa midzi ya kumunsi anthu ali m'nyumba, ndipo 48 anafa, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu oona za madzi m'dzikolo ananena pambuyo pake kuti damulo linalibe chilolezo choyenera.

Kodi paipi ingabweretse zina kupatula madzi?

Ingabweretse, ndipo zina sizichoka. Kachidutswa ka namasupuni kapena njere zake zikalowa, damu limatha kutsekeka lonse, monga momwe chomerachi chimavutitsira pa mtsinje wa Shire. Nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi odekha okhala ndi zomera m'mphepete, ndipo udzudzu umaswana m'madzi osaya. Madzi odutsa m'minda yothira feteleza kapena pafupi ndi makola amabiriwitsa damu ndi ndere, zomwe zimamaliza mpweya usiku, nsomba n'kupezeka zitayandama m'mawa. Kadziwe kodekhetsera madzi kokhala ndi sefa, paipi isanafike m'nyanja, kamachepetsa zambiri mwa izi. Madzi a pamjigo wakuya amakhala ndi mpweya wochepa, choncho ndi bwino agwere pamiyala kaye asanafike kuli nsomba.

Ntchito yatha, paipi yalumikizidwa. Atsegule vavu yonse?

Ayi. Nthawi yoopsa kwambiri pa khoma latsopano kapena lokonzedwa ndi pomwe likulandira madzi koyamba. Damu la Teton ku Idaho linamangidwa ndi boma la America, lotalika mamita 93, ndipo linali ndi mainjiniya ake. Pa 5 Juni 1976, likudzadza koyamba, antchito anaona madzi amatope akutuluka kuseri kwa khoma m'mawa. Anatumiza mathirakitala kukatseka, koma awiri anamira m'dzenjelo oyendetsa atadumpha. Isanakwane 12 koloko masana khoma linali litapita, ndipo anthu 11 anafa.

Pa damu la pafamu, vavu imatsegulidwa pang'ono, madzi n'kukwera masentimita ochepa pa tsiku, kenako n'kuimitsidwa kwa masiku angapo pamlingo uliwonse. Pandodo yoyezera pamawerengedwa m'mawa uliwonse n'kulemba m'kope. Munthu mmodzi, yemweyo tsiku ndi tsiku kuti azizindikira kusintha, amayenda kuseri kwa khoma ndi tambula yake, kuyang'ana ming'alu, malo onyowa ndi pomwe dothi latitimira. Vavu yotsekera paipi ikhale pamalo ofikika ngakhale usiku mvula ikugwa, ndipo manambala a foni a amfumu ndi a mabanja okhala kumunsi akhale kwa mlonda, osati mu ofesi yokiyidwa.